Kanyali Kofiira ka m'Galimoto ya Goodwell

Sindikonda kulankhula, ndipo sindinama. Wokayika akafunse Maliko, makaniko wa pa Nchalo. Anaona ndi maso ake.

M'mudzi mwathu ku Chapananga galimoto inali imodzi, ya Goodwell. Tsiku limene mkazi wanga Dorika anadwala mwakayakaya, ndiyo inatinyamula kupita kuchipatala cha Chikwawa. Ndili kumpando wakumbuyo ndinaona tinyali tiwiri tikuyaka kuseri kwa chiwongolero. Kachikasu kooneka ngati sipanala kanali kokumbutsa sevisi. Kofiira kooneka ngati ketulo kanali ka oyilo. Kameneka anakamata ndi tepi yakuda, koma kuwala kunkatulukira m'mbali.

"Kofiirako sikakuti muime?" ndinafunsa.

"Kamangodandaula, achimwene. Sabata yachitatu ino."

Injini inagogoda, n'kufera pamchenga wa mtsinje wa Mwanza, dzuwa lili paliwombo. Palibe galimoto inadutsa. Dorika anatsirizikira pamiyendo panga, maso ali pa kanyali kaja.

Titaika maliro, Goodwell anakokera galimoto kwa Maliko. Maliko anaika injini ina, oyilo watsopano, sefa yatsopano. Kachikasu kanazima. Kofiira ayi.

Maliko anayeza oyilo. Wodzaza. Anazula waya wa kanyaliko. Kanayakabe. Anachotsa batire n'kuiika pansi.

Kanayakabe.

Anali masana. Nkhuku zapagalaja zinangoti zii. Injini inali yozizira, koma m'katimo munkanunkha oyilo wopserera. Kumpando wakumbuyo wina ankapuma. Pang'onopang'ono. Movutikira.

"Munanyamula ndani m'menemu?" Maliko ananong'ona.

Kenako Maliko anabwerera m'mbuyo.

"Nkhabe, ayi. Ine sindiikhudzanso."

Galimoto inagulitsidwa kwa munthu wa ku Tengani, ndipo kumeneko ikuyenda bwinobwino. Koma Goodwell akakwera minibasi, kofiira kamayaka, injini n'kuzima. Akatsika, imalira. Lole ya nzimbe inachita zomwezo. Makondakitala onse a mumsewu wa Chikwawa akumudziwa.

"Bambo a kanyali, pitani wapansi! Mutiphera injini!"

Tsopano Goodwell ali ndi matenda a shuga. Kuchipatala n'kutali, ndipo miyendo yayamba kutupa. Mwezi watha anafika pakhomo panga atagwira ndodo, nakhala pansi pafumbi.

"Achimwene, ndinalakwa. Kwathu kuno wakufa amamvera mwamuna wake. Kalankhuleni nawo mayi kumanda. Andimasule ndikapeze mankhwala."



"Ndipita," ndinatero.

Ndinapitadi m'mawa mwake, ndi khasu. Ndinalimira udzu wonse pamanda a Dorika, n'kukonza miyala imene mbuzi zinagwetsa. Ndinakhala pambali mpaka mthunzi wa mtondo unafupika. Mphepo kunalibe, koma tsamba limodzi linkagwedezeka, ngati likudikira mawu.

Ndinanyamula khasu langa n'kubwerera. Sindinanene kanthu.