Thukuta la Anzake

Dzuwa likamapendeka, bambo wochapa zovala uja ankatulutsa mabeseni ake kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuviika za mawa. Malaya a aphunzitsi, mikanjo ya oimba kwaya, makatani a kuchipatala, zonse zinkadutsa m'manja mwake. Anali munthu wofatsa, wosamwa mowa, wa zala zotuwa ndi sopo, ndipo chimwalirireni mkazi wake ankakhala ndi mwana wake mmodzi yekhayo. Madzulo amene nkhaniyi ikuyambira, anawonjezera kabeseni kachitsulo pambali pa enawo, n'kuikamo malaya atatu onyowa ndi thukuta.

Malayawo anali a anzake a mwana wakeyo. Mtsikanayu anthu ankamutchula kuti Nkhono, ndipo kunena zoona sanamunamizire. Zitamveka kuti asilikali akulemba achinyamata, ndipo kuti adzayamba awayesa kuthamanga mtunda wautali, kudzikankha pansi ndi manja ndi kukwera chingwe, mudzi wonse unafa nacho chiseko utamva kuti nayenso akufuna kukayesa. Iye sanabwerere m'mbuyo. M'mawa uliwonse ankamanga nsapato zake zong'ambika n'kupita kubwalo la mpira la pasukulu, kumene a Sajeni, msilikali wopuma ntchito, ankaphunzitsa iye ndi anzakewo.

Analipo anayi. Panali Mphezi, mnyamata amene ankazungulira bwalo anzake asanafike n'komwe pagolo lachiwiri. Panali Likhweru, wa mpata pakati pa mano akutsogolo, amene akatopa mpweya wake unkalira ngati akuitana agalu. Panali Singano, mtsikana woonda, mnzake wa Nkhono kuyambira ali ana. Ndiye kumbuyo kwenikweni, ali wefuwefu, kunkabwera Nkhonoyo.

"Ana inu, muzisiya malaya anu kuno mukamachokera kubwalo," anatero bambo wochapa tsiku lina atawaona akudutsa. "Ndizikuchapirani. Inu muzingosamala miyendoyo."

Aliyense anayamikira mtima wake wabwino. Bamboyo ankapatsanso mwana wake botolo la madzi m'mawa uliwonse. Madziwo ankamveka kamchere, koma bamboyo anati ndi dala, kamchere kamalimbitsa minofu.

Woyamba kusintha anali Mphezi. Sanadwale ayi, anangosiya kutuluka thukuta. Dzuwa likaswa mtengo, anzake ali thukuta kamukamu, iye khungu lake linkakhala louma ngati pepala. Kenako anayamba kutsalira. Tsiku lina Nkhono anamupitirira pakona, ndipo a Sajeni analavula wisulo yawo ndi kudabwa. M'mawa wina Mphezi anakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa bwalo kuti amange chingwe cha nsapato, ndipo sanadzukenso. Anzake anamupeza atawerama choncho, zala zili pachingwe, milomo itang'ambika ndi kuuma. Kuchipatala anamuyeza paliponse koma sanapeze nthenda.

Maliro atatha, mudzi unayamba kumva zinthu. Amayi ake a Mphezi anati chipinda cha mwana wawo, chimene anachikolopa n'kuchitseka, chinkanunkha thukuta latsopano madzulo aliwonse. Amayi opita kumjigo m'bandakucha anati ankamva mapazi a munthu akuthamanga kumbuyo kwawo, koma akapatuka kuti adutse, ankangodutsidwa ndi kamphepo kofunda. Ena anati dzuwa likamalowa kunkamveka madzi akudontha m'chitsulo, tho, tho, tho, ngakhale kutali ndi mpopi uliwonse. Agalu analeka kudutsa pabwalo la mpira, ankalambalala kumpanda.

Anthu akachita mantha safuna kuganiza, amafuna dzina. Dzina lomwe analipeza linali la a Sajeni. Munthu wopita kunkhondo n'kubwerako wopanda ngakhale chipsera, anatero anthuwo, ndiye kuti ali ndi pobisalira. Wochapa zovala palibe anamuganizira, poti munthu amene amakubwezera malaya oyera sungamuone mdima.

Nkhono ndiye ankangowonjezera liwiro. Chingwe chimene chinkamusupula m'manja tsopano ankachikwera ngati makwerero. Akanayenera kusangalala, koma ankachita mantha ndi thupi lake lomwe, chifukwa miyendo inkafika pamalo iye asanaganize zopitapo.

"Iwe, wasintha sopo?" anafunsa Singano akupuma pansi pa golo.

"Ayi. Bwanji?"

"Ukununkha ngati mnyamata."

Anaseka onse awiri, koma kusekako sikunapite patali, chifukwa pafupi nawo panakhala Likhweru, akuyang'ana mikono yake. Anali atazungulira bwalo mpaka kutopa, koma malaya ake anali ouma.

Likhweru anamwalira masana, ali pakhonde la kwawo, kapu yamadzi ili m'manja. Akuti masiku ake omaliza ankamwa madzi ngati ng'ombe koma ludzu silinkatha. Madzulo a tsiku loika maliro, anyamata anaphwanya mawindo a nyumba ya a Sajeni ndi miyala. M'mawa mwake a Sajeni anamanga katundu wawo panjinga. Akutuluka m'mudzi anakumana ndi Nkhono panjira, ndipo anaima.

"Mwana iwe, ine sindinaphe munthu kuno," anatero motsitsa mawu. "Koma ndaphunzitsa anthu ambiri, ndipo miyendo imakula pang'onopang'ono. Yakoyo sindikuidziwa."

"Mukutanthauza chiyani, a Sajeni?"

"Ukafunse amene amakudyetsa."

Anatsala awiri, ndipo tsiku la mayeso linali litayandikira. Atsikanawo anapitiriza okha, chifukwa kusiya kunali ngati kuvomera kuti anzawo anafera chabe. M'mawa wina akuthamanga moyandikana, kunamveka kulira kwa likhweru, kochepa, kotsatana ndi mapazi. Singano anacheuka kumbuyo. Kunalibe munthu. Anayang'ana kumbali, n'kuima chilili.

"Tseka pakamwa," anatero.

Nkhono anatseka pakamwa, ndipo kulirako kunaleka. Atatsegula kuti apume, kunayambanso. Mano ake anali othithikana bwinobwino, opanda mpata ngakhale wolowa udzu, koma mpweya umene unkatuluka unali wa mnzawo amene anamukwirira. Nkhono anagwira mkono wa Singano, ndipo m'pamene anamva kuti mkonowo ndi wouma.

"Unayamba liti?" anafunsa Nkhono.

"Dzana. Ndimaopa kukuuza."

Singano sanabwerenso kubwalo. Anagona pamphasa kwawo, maso atalowa m'kati, amayi ake akumudonthezera madzi pamilomo. Nkhono ankakhala naye masana onse, mawu a a Sajeni akumuzungulira m'mutu. Ankawakana, chifukwa womudyetsa anali mmodzi yekha, munthu amene anamubereka kumsana amayi ake atamwalira. Koma tsiku lina dzuwa likulowa, akubwerera kwawo msanga kuposa masiku onse, anamva kudontha kuja. Tho, tho, tho. Kunkachokera kuseri kwa nyumba yawo.

Anazungulira mwakachetechete n'kusuzumira pakati pa nsalu zoyanikidwa. Bambo ake anali atagwada pa kabeseni kachitsulo, atagwira malaya a Singano. Malayawo mwini wake anali asanawavale chiyambireni kudwala, ndipo Nkhono anali atawaona pachingwe m'mawa, ouma gwa. Koma bamboyo akawapotokola, ankatuluka madzi, ndipo pachifuwa pa malayawo pankakwera ndi kutsika ngati muli munthu. Bamboyo ankanong'ona dzina la Singano mwaulemu, monga mmene munthu amaitanira mwana wa mnansi. Pambali pake panali botolo lija, madzi ofinyidwawo atafika pakati.

"Bambo."

Bamboyo sanadzidzimuke. Anangotembenuka pang'ono, manja ali pantchito.

"Wafulumira lero, mama."

"Mukuchita chiyani ndi malaya a mnzanga?"

"Watsala pang'ono. Uyu ali ndi mtima wopirira, ndi umene ukusowa pa mtunda wautali."

"Mwapha anthu, bambo. Ine ndamwa anzanga."

"Mayi ako anagwera m'beseni akuchapa zovala za anthu ena," anatero bamboyo, mawu ake ali ofatsa ngati masiku onse. "Inenso ndidzagwera momwemo. Iwe ayi. Iwe udzavala zako, ena azidzakuchapira."

Nkhono sanadziwe kumene anatenga kulimba mtima, mwina kunali kwa Mphezi. Anakankha botolo ndi phazi, n'kulanda malayawo. Anali ofunda, ndipo m'manja mwake ankagunda pang'onopang'ono. Anathamanga nawo mpaka kwa Singano, likhweru likulira njira yonse, n'kumuveka mnzakeyo amayi ake akungoyang'ana kakasi. Kunja kusanade kwenikweni, pamphumi pa Singano panaoneka timadontho. Amayi ake anapukuta ndi chala, n'kuyamba kulira.

Anamufunsa Nkhono kumene anadziwira mankhwala amenewo, koma iye sananene. Ankadziwa zimene mudzi ungachite ndi bambo ake, ndipo ngakhale ankawaopa tsopano kuposa chilichonse, anali bambo ake. Anabwerera kunyumba, n'kuwauza ali chiimire pakhomo.

"Kuyambira lero sindimwa kapena kudya chochokera m'manja mwanu. Mukagwiranso chovala cha mnzanga aliyense, ndikaitana mudzi wonse."

"Ndamva, mama."

"Kumayesoko ndipita ndi miyendo yanga. Ndikalephera, ndalephera."

Bamboyo anagwedeza mutu, n'kukataya kabeseni kachitsulo kudzala mwana wake akuona. Masiku otsatirawo Nkhono ankadzitungira yekha madzi kumjigo, n'kumagona botolo lake lili pansi pa pilo. Likhweru lija linayamba kuzilala, liwiro linachepa, ndipo chingwe chinayambanso kumusupula m'manja. Sanakondwerepo ndi matuza ngati mmene anakondwera ndi amenewo.

Pakamwa anapalondera bwino. Chimene anaiwala mwana wa wochapa zovala n'chakuti munthu samwa ndi pakamwa pokha.

M'mawa wa tsiku la mayeso anapeza bambo ake ali patebulo, akusita malaya ake othamangira ndi simbi yamakala. M'chipindamo munali motentha, makala ali psuu, koma nkhope ya bamboyo inali youma. Nkhono sanaione, chifukwa ankapewa kuwayang'ana m'maso. Anatenga malayawo, anawanunkhiza, anawapotokola. Anali ouma ndi ofunda, opanda cholakwa.

"Ndi ako omwe, palibe wa mnzako aliyense m'menemo," anatero bamboyo. "Uyende bwino, mama."

Kumalo a mayeso kunali achinyamata ochuluka ngati msika, ndi asilikali a nkhope zosaseka. Wisulo italira, Nkhono anayamba monga mwa dzina lake, gulu lonse lili kutsogolo, fumbi lawo likumulowa m'maso. Anathamanga ndi mtima wopepuka, akudziwa kuti alephera mwachilungamo. Kenako thukuta lake linayamba kutuluka n'kunyowetsa malaya, ndipo malayawo anadzuka.

Anamumamatira pamsana, olemera, onyowa kuposa mmene thukuta la munthu mmodzi linganyowetsere. Fungo linakwera kuchokera m'khosi mwa malayawo, fungo la munthu wachikulire wogwira ntchito chiweramire, limene analidziwa asanadziwe kuyankhula. M'mikono mwake munalowa mphamvu yolimba, yosatopa, ya munthu amene wafinya mabulangete moyo wake wonse. Miyendo inayamba kudya mtunda.

Anayesa kuima, koma miyendo inakana. Anagwira malaya kuti awavule, koma nsalu inali itagwirana ndi khungu, ndipo msilikali wa m'mbali mwa njira anamukalipira kuti asiye zamasewera. Anapitirira mmodzi, anapitirira gulu, akulira mokweza.

"Bambo, lekani. Chonde lekani."

Amene ankawapitirira ankaganiza kuti akupemphera. Pa phazi lililonse ankamva kanthu kakufinyidwa kutali, ndipo ankadziwa kuti iye ndi amene akufinya. Atawoloka mzere womaliza, kutsogolo kwake kunalibe mtsikana wina aliyense. Podzikankha pansi asilikali anachita kumuuza kuti basi zakwana. Chingwe anachikwera osachimva n'komwe m'manja, ndipo ali pamwamba penipeni, malaya aja anauma mwadzidzidzi n'kumuleka.

Nthawi yomweyo kumudzi, Singano, amene anali atayamba kuyenda ndi ndodo, anaona utsi ukutuluka pawindo la wochapa zovala. Anthu atathyola chitseko anapeza simbi itaboola malaya a aphunzitsi mpaka kupsereza tebulo. Wochapayo anali atakhala pampando, atauma gwa, dzanja lili pachogwirira cha simbiyo, wopepuka moti mnyamata mmodzi anamunyamula yekha.

Opambana anawaimika pamzere pafupi ndi galimoto yoti iwatenge. Msilikali wamkazi, wamkulu ndithu, anafika pa Nkhono n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zong'ambikazo.

"Ukulira chiyani? Wapambana iwe," anatero. "Kwanu kuli woti timuuze?"

Nkhono anapuma mozama. M'chifuwa mwake munayenda mpweya wodekha, wachikulire, wa munthu amene wamaliza ntchito yake ndipo wakhutira nayo.

"Akudziwa kale," anayankha.