Feliya ndi Timibulu Tofiira

Feliya anazula phata limodzi la mtedza. Ankafuna kuona ngati wayamba kubereka.

Munda wake unali waung'ono. Unali kuseri kwa chigafa cha fodya. Mbewu anampatsa ndi mnzake wa kusukulu. Anabzala yekha. Anapalira yekha.

Feliya ankakhala pa esiteti ya fodya, kufupi ndi Njombwa. Bambo ake, a Nedson, anali tenanti. Kwawo kunali ku Mulanje. Chaka chimenecho anthu a m'midzi analandira makuponi a feteleza. A Nedson sanalandire. Anauzidwa kuti ndi obwera. Chimanga chawo chinali chachikasu. Koma mtedza wa Feliya unali wobiriwira.

Feliya anasasa dothi la ku mizu. Mtedza unali usanakhwime. Koma ku mizu kunali timibulu. Timibulu tating'ono, tambirimbiri.

A Nedson anatulukira kuchokera ku fodya, khasu lili paphewa. Anatenga phata lija. Analiyang'ana. Nkhope yawo inagwa.

"Awa ndi matenda," anatero.

Iwo ankawadziwa matenda otupitsa mizu. Chaka chatha matendawo anagwira fodya wa tenanti wina. Mizu inatupa. Fodya anafota. Mwini esiteti anauza munthu uja kuti asamuke. A Nedson sankafuna kusamuka. Ananena kuti mtedza wonse uzulidwe, uwotchedwe, matenda asanafike ku fodya.

Anayamba kuzula. Anazula phata loyamba. Anazula lachiwiri. Anazula mzere wonse.

Feliya sanalire. Kulira sikukanaimitsa khasu. Anathamangira kumalire a munda. Kumeneko kunali fodya wodwala wa tenanti uja, wozulazula. Anatola muzu umodzi wotupa. Anabwera nawo.

Anakhala pansi. Kumanzere anaika muzu wa fodya. Kumanja anaika muzu wa mtedza.

Anakanda muzu wa fodya ndi chala. Chotupa sichinachoke. Anakandanso. Sichinachoke. Muzu womwewo ndiwo unali wotupa.

Anakanda muzu wa mtedza. Kambulu kanagwa. Anakandanso. Kena kanagwa. Muzu unatsala wosalala. Anaphwanya kambulu kamodzi ndi chikhadabo. M'kati munali mofiirira.

"Ababa, taonani. Sizikufanana."

A Nedson anawerama. Anaona. Koma anapukusa mutu. Anati chotupa ndi chotupa basi.

Amayi a Feliya anali pakhomo, akusankha nkhwani. Anamva zonse.

"Abambo a Feliya, mtedza suthawa," anatero. "Mukhoza kuzula mawa. Koma mukazula lero, mawa simungabwezeremo."

A Nedson anaika khasu pansi. Anati adikira mpaka madzulo. Likangolowa dzuwa, azula wonse.

Feliya anatenga timapepala tiwiri ta pulasitiki. Mu kena anaika muzu wa fodya. Mu kena anaika muzu wa mtedza. Ananyamuka.

Anadutsa minda ya fodya. Anadutsa mjigo. Anadutsa bwalo la mpira. Pafupi ndi sukulu panali nyumba ya alangizi a zaulimi. Dzina lawo linali mayi Mphepo. Anawapeza akupopa njinga.

Feliya anagwada. Anapereka moni. Anapereka timapepala tija. Anafotokoza za mtedza wake ndi za khasu la bambo ake.

Mayi Mphepo anaona muzu wa fodya. Anaona muzu wa mtedza. Sanachedwe.

"Kwera pakaliyala," anatero. "Ugwiritse."

Anafika dzuwa lisanalowe. A Nedson anali atagwiranso khasu. Atalonjerana, onse anakhala m'mphepete mwa munda.

Mayi Mphepo anakweza muzu wa fodya. Anati a Nedson sananame. Amenewo ndi matenda ndithu. M'muzumo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Timaboola muzu. Muzu umatupa. Fodya amalephera kumwa madzi. Muzu umenewo uwotchedwe, ndipo Feliya asambe m'manja.

Kenako anakweza muzu wa mtedza. Anati timibulu timeneti si matenda. Ndi tinyumba. M'tinyumbamo mumakhala tizilombo tina, tosaonekanso ndi maso. Koma timeneti ndi tabwino. Mtedza umatipatsa chakudya. Ito timatenga chonde mu mpweya n'kupatsa mtedza. M'kati mukakhala mofiirira, ndiye kuti tili pantchito.

"Ndiye tizilombo tina timapha, tina timadyetsa?" anafunsa a Nedson.

"Eya. Monga anthu," anayankha mayi Mphepo.

Amayi a Feliya anaseka. A Nedson anasekanso pang'ono.

Mayi Mphepo anati akadzakumba mtedza, masamba ndi mizu asadzawotche. Adzakwirire m'mizere. Chaka chamawa adzabzalepo chimanga. Sizingafanane ndi thumba lonse la feteleza. Koma chimanga chidzapezapo chakudya.

A Nedson anayang'ana mzere umene anazula. Mtedza unali utafota kale. Sukanabwereranso.

"Pepa, mwanawe," anatero. "Ndinafulumira."

Feliya anawagwira dzanja. Anati mizere ina ilipo.

Mvula inagwa. Mtedza unakula. Mvula inatha. Mtedza unakhwima. Feliya ndi bambo ake anakumba. Anaumitsa. Anathothola. Masamba sanawotche. Mizu sanawotche. Anakwirira zonse m'mizere.

Nyengo ya makuponi inafikanso. A Nedson sanalandirenso. Anabzala chimanga pamene panali mtedza. Mtedza anabzala pamene panali chimanga. Mizere ya mtedza anaunga ndi iwo eni, ndipo inali yambiri.

Chimanga chinamera. Chinakula chobiriwira. Koma mzere umodzi unali waufupi. Masamba ake anali achikasu. Unali mzere uja a Nedson anazulapo mtedza.

Matenanti anzawo ankabwera kudzaona. A Nedson ankawatengera pa mzere waufupi uja.

"Uwu ndi mzere wanga," ankatero. "Ina yonseyi ndi ya Feliya."

Kenako ankaitana Feliya. Feliya ankazula phata limodzi la mtedza. Ankakanda kambulu. Ankakaphwanya. Anthu ankawerama n'kuona kufiirira.

Tsiku lina amayi anathyola chimanga chachiwisi. Anawotcha. Anakazinganso mtedza wa chaka chatha. Onse atatu anakhala pamthunzi wa chigafa. Feliya anasankha chimanga chachikulu. Anapatsa bambo ake. Bambo ake anachithyola pakati. Mbali yaikulu anabwezera Feliya.

Tsono iwe amene ukuwerenga, mvera. A Nedson anataya mzere wathunthu asanafunse. Iwe usataye ndi phata limodzi lomwe. Ukaona chachilendo m'munda, khala pansi. Yang'ana bwino. Funsa. Khasu lidikire.