Mawu a M'kati mwa Suti

Anakumana m'chipinda chosokera masuti a anthu opita kumlengalenga. Mtsikanayo anali telala, tepi ili m'khosi. Mnyamatayo anali woyendetsa chombo, wamtali ngati pholo la magetsi, ndipo anabwera kudzayezedwa.

"Kwezani mikono," anatero telalayo.

"Ndakweza, mwandigonjetsa kale."

Pakamwa potere mpothawa, koma ndani amathawa? Sabata isanathe mtsikanayo anali atapatsidwa dzina lakuti Kasingano, foni ikungolira pambali pa makina: "Kasingano wanga, wandibaya pamtima. Ine ndine wongoyembekezera, opita ndi ena. Sindidzakusiya."

Anakhulupirira ndi mtima wonse, mwana wa eni.

Patatha miyezi isanu, mndandanda wa opita ku pulaneti lina unapachikidwa pakhoma. Dzina la mnyamatayo linali pamwamba penipeni. Ulendo wa zaka zitatu, ndipo zobwerera palibe ankazilumbirira.

Kasingano anamupeza pakhonde, namugwira malaya.

"Unati supita! Kuli chiyani kumeneko? Kuli mayi ako?"

"Mvera, wokondedwa. Dziko lino latopa. Kutentha, madzi kusowa, anthu kuchuluka. Mayiko akufuna malo othawirako. Akufunanso miyala yamtengo wapatali, ndi kudziwa ngati kunakhalako zamoyo."

"Usandinamize."

"Chabwino. Dziko lililonse likufunanso likhale loyamba kuzika mbendera."

"Mbendera? Ija ndi nsalu, ndimasoka ine! Ukundisiya chifukwa cha nsalu? Nena kuti wadwala. Ndagwada, usapite!"

Anagwadadi, anthu akuona. Mnyamatayo anamudzutsa mofatsa.

"Ndikupitira ana athu, Kasingano. Undidikire, ndidzakukwatira."

Suti yake inagwera pa tebulo la Kasingano. Masiku atatu analimbana ndi maganizo oipa. Atalakwitsa dala msoko umodzi, oyesa adzaikana, ulendo nkumuphonya. Nanga akapanda kuuona msokowo? Mpweya udzathawira pomwepo, munthu nkufera kutali, kopanda womulira. Ayi! Anasoka bwino kuposa masiku onse, misozi akupukutira paphewa kuti isadonthere pansalu.

Tsiku lomaliza bwana wa osoka anabwera ndi timapepala.

"Mwambo wathu ndi uwu," anatero. "Wapaulendo aliyense amalemba mawu, ife timawasokera m'kati mwa suti, cha pamtima. Ako ndi awa."

Mtima wa Kasingano unadumpha. Walemba chiyani? Dzina lachikondi lija? Tsiku la ukwati? Anatambasula kapepalako. Zolemba zinali za mnyamatayo ndithu: "Mkazi wanga ndi mapasa athu, ndikupitira inu."

Anawerenganso. Mawu sanasinthe.

"Wamuona mkazi wake?" anafunsa bwanayo, osadziwa kanthu. "Ali panjapo ndi tiana, wapempha kuti ulusi ukhale wofiira. Fulumira, akufuna aone."

Kasingano anatsegula kabati. Wofiira unalipo. Kuti aulowetse pasingano anayesa kasanu konse.