Maginito Sazima

Basi inamutsitsa mdima utagwa kale. Tauni yachilendo, misewu yopanda nyale. Mayi injiniya anakoleka chikwama paphewa, n'kufunsa njira ya kuchipatala. Anayenda wapansi, mofulumira.

Anamuimbira foni masana kuti makina ake afa. Makinawo anawapanga ndi anzake a kafukufuku ku yunivesite. Amajambula m'kati mwa mutu wa munthu pogwiritsa ntchito maginito aakulu. Anawapangira zipatala za kumene magetsi amangothimathima. Mtima wa makinawo ndi bokosi lowongolera magetsi, lokhala ndi kakompyuta kosalaza mphamvu ikamakwera ndi kutsika. Popanda bokosilo chithunzi sichituluka.

Bokosilo linali litabedwa usiku wapitawo.

Pakhonde anakumana ndi dokotala wa maopaleshoni, wamtali, maso ali psuu.

"Ndinu a makinawa? Mwachedwatu, mayi."

"Basi inafa panjira. Zili bwanji?"

"Onani apo."

Pa benchi panali mayi atafungata khanda. Mutu wa khandalo unali waukulu kwambiri, mitsempha ili poyera. Silinkalira.

"Madzi adzadza m'mutu," anatero dokotala. "Sindingang'ambe mwana ndisanaone m'kati. Inenso ndine mlendo pano. Galimoto yanga inyamuka m'mawa, kwina akundidikira. Chithunzi chikapanda kutuluka lero, ndimusiya. Ulendo wina sindidzamupeza."

Mayi wa mwanayo anadzutsa mutu. "Achemwali, akuti mukonza, eti?"

Injiniya analowa m'kati.

Kumapeto kwa kolido kunali mdima. Pakhomo la chipinda cha makina panaima amuna atatu. Woyamba anali sajeni wa polisi, mfuti m'chiuno. Mlanduwu anaulandira madzulo omwewo. Wachiwiri anali wojambula odwala, atamangidwa unyolo m'manja. Wachitatu anali wamagetsi wa pachipatalapo, wonenepa, wansangala. Onse ankamutchula kuti a Fyuzi. Tochi anaigwira ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali m'thumba la jekete.

"Chitseko sichinathyoledwe," anatero sajeni, akuloza wojambula. "Kiyi ali ndi uyu yekha. Nkhani yatha."

"Bwana, ndingabe bwanji chinthu chondidyetsa?" anadandaula wojambula. "Ndatsegula m'mawa, ndaona bokosi palibe, ndathamanga kukanena. Basi mwandimanga."

"Ukalongosola kukhoti."

Injiniya anatembenukira kwa wamagetsi. "Inu munalowamo?"

"Ine? Ayi, mayi. Chiikireni makinawa sindinapondemo. Za mapulofesa timaziopa ife. Malire anga ndi swichi ya panjayi."

A Fyuzi anawalitsa pakhoma. Swichi inali yozimitsa. Fyuzi inali itazulidwa, n'kuikidwa bwinobwino pamwamba pa kabokosi kake.

"Wakuba waulemu," anatero injiniya. "Wazimitsa, wazula, wasunga."

A Fyuzi anaseka. "Akuba a masiku ano ndi opita kusukulu."

Sajeni anatsegula chitseko. Injiniya anasiya chikwama, foni ndi makiyi pa benchi, monga amachitira nthawi zonse. Anatenga katochi kake kapulasitiki.

"Dikirani panja," anatero, n'kulowa.

Pakona pamene pankakhala bokosi panali pululu. Mabawuti anamasulidwa mwaukhondo. Kudenga, chitseko cha siling'i chinali chosatsekeka bwino. Anazungulira kuseri kwa makina, kumene kumadutsa waya wamkulu wa mkuwa. Wayayo anali atadulidwa theka. Pambali pa maginito panakakamira chodulira mawaya chachitsulo, chachitali ngati mkono. Pansi pake panali magazi ouma.

"Pali magazi kuno!" anafuula, msana uli kukhomo.

Sajeni anadumpha. Phazi limodzi m'kati, lachiwiri likutsatira.

"Bwana, mfutiyo!" anakuwa a Fyuzi.

Tochi inagwa pansi. A Fyuzi anamukumbatira sajeni m'chiuno ndi manja onse awiri, n'kumukokera kunja. Onse anagwera pakhoma.

"Mwapenga? Chimakoka chimenecho!" anakalipa a Fyuzi. "Chimakoka zitsulo! Ngakhale muzule fyuzi, chimakokabe!"



Sajeni anadzuka pang'onopang'ono. Anatola tochi. Anawalitsa dzanja lamanja la a Fyuzi. Linali lokulungidwa ndi nsanza, lotupa ngati mpira, zala zakuda bii.

Injiniya anatuluka. Anali ataiwala kuchenjeza wapolisi.

"Akunena zoona," anatero. "Maginito amenewa safuna magetsi. Sazima. Mfuti ikanalumpha yokha, ndipo ine ndinali kutsogolo kwake."

"Ndathokoza, a Fyuzi," anatero sajeni. "Tsono tandiuzani. Munthu amene sanapondemo, wadziwa bwanji?"

"Ndinangomva, bwana."

"Kwa ndani?"

"Anthu amakamba."

"Dzanjalo?"

"Ndinagwa pa makwerero."

"Makwerero ake amatafuna zala?"

A Fyuzi anayang'ana pansi. Thukuta linali kamukamu.

"Ntchito munaigwira mwa lamulo," anatero injiniya. "Munazimitsa, munazula fyuzi, munati chilichonse chafa. Munatsikira kusiling'i. Bokosi munamasula. Kenako munasirira waya wa mkuwa. Mutayandikira, chodulira chinakuthawani, n'kupanikiza dzanja."

"Bokosi lili kuti?" anafunsa sajeni.

A Fyuzi anabwezera dzanja m'thumba.

"Ndikufunsa komaliza."

Injiniya anayang'ana kolido yonse. Kuwafinya a Fyuzi ku polisi kukanatenga usiku wonse, mwina masiku. Anapita pakhonde, n'kubwera ndi mayi wa mwana uja. Anavundukula nsalu pamutu pa khanda, n'kuwalitsa.

"Taonani, bambo."

A Fyuzi anatembenuza nkhope.

"Ayi, onani. Dokotala anyamuka m'mawa."

Mayiyo sanamvetse zonse, koma anagwada. "Achimwene, ngati mukudziwa kanthu, chonde. Ndi yekhayu."

"Ndimati abweretsa lina," ananong'ona a Fyuzi. "Za mabungwe amangobweretsa zina." Kenako anaulula: "M'nyumba ya jenereta. Kuseri kwa migolo. Ndi dzanja limodzi sindikanafika nalo patali. Wogula amati abwera mawa."

Sajeni anamasula unyolo m'manja mwa wojambula. Anauika pa dzanja lamanzere la a Fyuzi, mbali ina n'kumangirira ku benchi.

"Pepa, mphwanga," anauza wojambula.

"Pepa wake ameneyo mukamuuze mkazi wanga. Tiyeni tikanyamule."

Bokosi analipeza litakutidwa ndi chiguduli, lopindika pakona. Injiniya analitsegula. M'kati munali bwino. Koma chodulira chija chinali chikadali pa maginito, ndipo chitsulo chimapotoza chithunzi. Anamanga chingwe. Alonda awiri, wojambula ndi sajeni, atavula lamba ndi mfuti, anakoka. Sichinasunthe. Analowetsa thabwa pansi pake, n'kukokanso. Chinakwekwereka pang'onopang'ono, kenako chinathothoka. Onse anagwa chagada.

Injiniya analumikiza waya. Anamanga mabawuti. Anabwezera fyuzi. Nyale zinayaka, zinaphethira, zinatsika mphamvu mpaka kufiira.

"Zikuthimanso," anatero wojambula.

"Zisiyeni. Bokosili ntchito yake ndi imeneyi. Mugonekeni mwana."

Makina anayamba kugogoda. Kunja magetsi anathima ndithu, jenereta n'kulira mochedwa. Kugogodako sikunadukize. Mayi wa mwana anagwira kaphazi ka khanda lake, maso ali tseke. Pa kompyuta panabwera mizere, kenako mthunzi, kenako mutu wonse, madzi akuoneka poyera.

Dokotala anaweramira pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali. Analoza ndi chala.

"Apa. Patsekeka apa. Ndingathe." Anatembenukira kwa namwino. "Konzani chipinda cha opaleshoni. Muuzeni dalaivala wanga kuti sitinyamuka m'mawa."

A Fyuzi anawajambula dzanja asanapite nawo ku polisi. Anawajambula ndi wojambula yemwe uja, osalankhula nawo ngakhale liwu limodzi. Mafupa atatu anali othyoka.

Kunja kukuyera, injiniya anakoleka chikwama. Chipatala china chinali chitaimba kale. Pageti, galimoto ya polisi inamudutsa, a Fyuzi ali kumbuyo, pulasitala mpaka m'chigongono. Sajeni anatulutsa mutu pawindo.

"Tibweranso, wogula uja timudikira pompano. Muyende bwino, mayi."

Anacheuka kamodzi. Pakhomo la chipinda cha opaleshoni, mayi uja anakhala yekha, nsalu yopanda mwana ili pamiyendo. Chitseko chinatseguka. Namwino anamukodola, akumwetulira. Mayiyo anaimirira, nsalu n'kugwa pansi, osaitola.

Kusiteji basi inaliza hutala. Injiniya anathamanga.