Zelipa ndi Mawu Akuti "Bandos"

Zelipa ankakhala mumzinda wa Brampton, kutali ndi Malawi, m'nyumba yosanja.
Chinali chaka cha 1976.
Zelipa ankafuna mnzake wosewera naye.

Bambo ake ankaphunzira ku koleji.
Loweruka ankathyola maapozi ku famu.
Ankabwera atatopa, nsapato zili matope okhaokha.

Khomo loyandikana linali la Bambo Joseph, ochokera ku Poland.
Mwana wawo anali Anastazia.

Tsiku lina Zelipa anapatsa Anastazia maapozi awiri.
Anastazia analoza nsapato zamatope pakhomo.
"Bambo ako ndi bandos!" anatero akuseka.
"Bandos n'chiyani?" anafunsa Zelipa.
Anastazia anangoseka, n'kuthawira m'nyumba.

Zelipa anakwiya.
Anakwiya kwambiri.
Anagogoda pachitseko. Go! Go! Go!

Bambo Joseph anatsegula.
"Mwana wanu watukwana bambo anga!" anatero Zelipa. "Akuti ndi bandos. Bambo anga sanamulakwire!"

Bambo Joseph nawonso anakwiya.
"Anastazia! Bwera kuno!"
Anastazia anabwera atazolika.
"Mawuwa ukuwadziwa?"
"Ayi. Ndinangowamva kwa anzanga."

Bambo Joseph anakhala pa masitepe.
"Tamverani nonse," anatero. "M'chinenero chathu, banda ndi gulu. Kale anthu osauka ankayenda pagulu. Ankayenda famu ndi famu. Ankakolola tirigu wa eni minda. Ndiye anawatcha bandos."

"Ndiye choseketsa n'chiyani?" anafunsa Zelipa.
"Palibe," anayankha Bambo Joseph. "Bambo anga anali bandos. Inenso ndinkapita nawo. Tinkagona pa udzu. Anthu ankadya buledi, koma ife ankatiseka."

Anastazia anayamba kulira.
"Agogo anali bandos?"
"Inde, agogo ako."

"Pepa, Zelipa," anatero Anastazia.
Zelipa sanamwetulire.
"Usapepese ine. Ukapepese bambo anga."

Onse atatu anapita kwa bambo a Zelipa.
Bambo a Zelipa anatsegula chitseko.
"Pepani, bambo. Ndinakusekani," anatero Anastazia.
Bambo a Zelipa anamva nkhani yonse.
"Kwathu ku Malawi timati aganyu," anatero. "Ndi ntchito yowawa. Koma si yamanyazi."
Abambo awiriwo anagwirana chanza.

"Mawa tisewere limodzi?" anafunsa Anastazia.
Zelipa anaganiza. Anaganizanso.
"Chabwino," anatero.

Bambo a Zelipa ananyamula mwana wawo m'mwamba.
"Mwana iwe, unagogoda wekha?"
"Ndekha," anatero Zelipa. "Katatu!"
Onse anaseka.