Kubuula kwa Gudumu la Madzi

Teleza anali atasiya kudzera njira ya kungalande. Ankalolera kuzungulira munda wonse wa tiyi, mtsuko uli pamutu, kusiyana ndi kumva kulira kwa gudumu.

Gudumulo linali m'kanyumba ka njerwa kumunsi kwa esiteti. Madzi a mumtsinje ankapatukira m'ngalande, n'kugwa pang'ono chabe, mwina msinkhu wa munthu, n'kumalizunguza. Mphamvu yake ndiyo inkayatsa magetsi ndi kuyendetsa makina a kufakitale ya tiyi. Bambo ake a Teleza, a Amosi, ndiwo ankalisamalira, mpaka dzinja lapitalo pamene anaterereka pochotsa zinyalala pa zitsulo zosefera madzi. Anawavuula atatsirizika kale. Chichokereni tsikulo, othyola tiyi ankanong'onezana kuti gudumu likubuula ndi mawu a malemuwo.

M'mawa wina kunagwa chiperoni, nkhungu itakuta minda yonse. Mayi ake anatuluka m'nyumba nkhope itagwa.

"Teleza, mlongo wako Lackson ali kuti?"

"Ndimayesa ali ndi inu, Amayi."

"Kalanga ine! Chiyambire dzulo akungoti akufuna kukawafuna ababa ake kuntchito."

Teleza analiyatsa liwiro. Atayandikira ngalande, kubuula kuja kunamupeza, kwapansipansi, kosalekeza. M'nkhungumo anaona ngati munthu waima, akumuyang'ana. Anatsala pang'ono kubwerera, koma pansi pa kubuulako anamva timawu tina.

"Achemwali! Achemwali!"

Lackson anali m'madzi olekeza m'khosi, atapanikizidwa pa zitsulo zomwe zija. Teleza anamukoka mkono, koma madzi anamuposa mphamvu. Anathamangira chakumtunda, pa chitseko chotsekera madzi, n'kupotoza chogwirira chake mpaka zikhatho zinasupuka. Chitseko chinatsika. Madzi anayamba kuphwa, gudumu linazungulira mwaulesi, kenako zii. Teleza anabwerera n'kumuvuula Lackson.

Kapitawo wa kufakitale, a Yesaya, anatulukira ali wefuwefu.

"Ndani wazimitsa makina? Simukudziwa kuti bwana..."

Ataona mwana ali njenjenje m'manja mwa mlongo wake, anavula jekete n'kumufunditsa. Anayang'ana zitsulozo nthawi yaitali.

"Mpanda tikanamanga kalekale pano," anatero motsitsa. "Bwana akalipe. Madziwa sindiwatsegula mpaka titamanga."

Teleza anabereka Lackson n'kuyamba kukwera mtunda. Mwanayo anamukumbatira m'khosi.

"Achemwali, ababa kulibe kuja."

"Kulibe, Lackson," anayankha Teleza, misozi ili mbwembwembwe. "Tiye kwa Amayi."