Lamba wa Padenga

Wosunga makiyi a nkhokwe ya khonsolo anakwatira mkazi wodziwa zamagetsi, ndipo ankayenda mapewa ali m'mwamba. "Anzanga anakwatira ophika, ine ndinakwatira kuwala," ankatero. Mwana yekha ndiye ankasowa pakhomopo, zaka zisanu zathunthu.

Kenaka bungwe lina linapereka thandizo kuti khonsoloyo iike magetsi adzuwa pandende, pasukulu ziwiri ndi pachipatala. Mayiyo anasankhidwa kukwera padenga pamodzi ndi injiniya wa bungwelo, bambo wonenepa woseka ndi aliyense, amene anthu anangomutcha Chimimba.

Bungwelo linali ndi lamulo losaphwanyika: wokwera padenga avale lamba wachingwe, ndipo mnzake amukoke lambayo m'chiuno kuti aone ngati wagwira. M'mawa uliwonse wamakiyi ankatulutsa yekha malambawo, n'kuima pakhomo kuonerera manja a mwamuna wina ali m'chiuno mwa mkazi wake. Mtima unkamuwawa.

Dalaivala wa khonsolo ndiye anasonkhezera moto. "Achimwene, makiyi a nkhokwe mukusunga bwino, nanga akunyumba ali ndi ndani? Dzulo alamu anali mu ofesi ya Chimimba, chitseko chotseka."

Nsanje ndi chiswe, abale: imadya mkati, kunja mtengo ukuoneka wabwinobwino. Wamakiyi atafika kunyumba sanakhale n'komwe pansi.

"Mumakambirana chiyani chotsekera chitseko?"

"Abambo, dikirani timalize denga la chipatala Lachisanu," anatero mkaziyo akumwetulira. "Ndidzakuuzani, ndipo mudzaseka."

"Ndidzaseke? Wandiyesa chitsiru eti? Hule lapadenga iwe!"

Kumwetulira kuja kunazima. "Mwanditcha chiyani? Chabwino. Mawu amenewa mudzafuna kuwameza."

Lachinayi masana, anzake atapita kukadya, wamakiyi anadzitsekera m'nkhokwe. Anatenga lamba wamkulu wa Chimimba, n'kukankha kansalu kophimba mfundo ya chingwe. Anacheka chingwecho ndi lumo mpaka patatsala timaulusi towerengeka, n'kubwezera kansalu kaja. Ankadziwa kuti wokoka amakoka m'chiuno, chingwe sachiyang'ana. Madzulo ake anadya n'kukhuta.

Lachisanu anapereka malambawo m'galimoto, iye n'kutsala. Dzuwa lili paliwombo, dalaivala uja analowa m'nkhokwe akupuma wefuwefu.

"Achimwene, chingwe chaduka!"

"Pepani. Wafa?" anafunsa wamakiyi modekha, osakweza mutu.

"Inu! Ndi alamu!"

Anampeza mkaziyo atafa kale, atagona pakhonde la simenti, kutsogolo kwa chipinda chochiriramo amayi, atavala lamba wamkulu uja. Apolisi sanavutike. Chingwe chodulidwa ndi lumo sichibisika, ndipo nkhokwe inali ndi kiyi mmodzi.

M'khoti, Chimimba anapereka umboni misozi ikutsika.

"Lamba wawo anasiya kuwakwana. M'mawa umenewo anakanikiratu kumangika, ndiye ndinawapatsa wanga, ine n'kutsala pansi. Ndinawakoka ndekha m'chiuno, ndinati wagwira."

"Chifukwa chiyani anasiya kuwakwana?" anafunsa woweruza.

"Anali oyembekezera, bwana, miyezi inayi. Ndi zimene anabwerera ku ofesi kwanga, kudzapempha kuti likatha denga limeneli ndiwapatse ntchito yapansi. Anandiletsa kuuza munthu. Anati amuna anga adikira zaka zisanu, amve kwa ine."

Apongozi aakazi a wamakiyi anamulavulira ali chapatali, ndipo panalibe wowaletsa. Woweruza anati akhale kundende moyo wake wonse.

Munthu amene ankasunga makiyi a khonsolo yonse lero amatsekeredwa ndi mnzake. Anapemphedwa kudikira masiku awiri, akanaleza mtima bwenzi pano akunyamula mwana. Ndende imeneyo ndiyo inali yoyamba kulandira magetsi adzuwa, ndipo akaidi amayamika kuti sathimathima. Iye yekha ndiye amakhala chozolika, sayang'ana babu la m'chipindamo. Amadziwa dzanja limene linalimanga.